Fomu ya I-864 ikangobwezedwabwezedwa, vuto limakhala pati?

Pempho la I-130, loitanitsa m'bale wanu ku America, linavomerezedwa kalekale. Fayilo ya akazi anu, amuna anu kapena amayi anu inafika ku National Visa Center, ofesi yomwe imayang'ana zikalata fayilo isanapite kwa kazembe, zolipira munalipira, zikalata munaziika pa CEAC, tsamba la pa intaneti lotumizirapo zikalatazo, ndipo mwadikira masabata angapo. Kenako uthenga n'kubwera woti I-864, fomu yoonetsa kuti muli ndi ndalama zosamalira m'bale wanuyo, sinalandiridwe, muikonze. Mukakonza n'kutumizanso, fayiloyo imakayambiranso kudikira, uku kumudzi akufunsa tsiku ndi tsiku pa WhatsApp kuti zafika pati. Mabanja amataya miyezi chifukwa cha nambala imodzi yolembedwa m'bokosi lolakwika, ndipo zimandiwawa chifukwa n'zopeweka.

Ambirife fomuyi timaidzaza ngati kalata yolonjeza kuti m'bale wathu tidzamusamala. Mtima umenewo ndi wabwino, koma woiwerenga kuofesi sauona. Iye amayerekeza zinthu zitatu: chiwerengero cha anthu a pakhomo panu, ndalama zomwe mungaonetse umboni kuti mumapeza, ndi mlingo womwe boma la America limatulutsa chaka ndi chaka pa tsamba lotchedwa I-864P. Zitatuzi zikagwirizana, fomu imadutsa. Ndiye ikabwezedwa, musathamangire kuidzazanso. Yambani mwatenga mapepala a msonkho, muwayale patebulo, fomuyo ibwere pambuyo.

Kodi ndi fomu yake?

I-864 ndi ya amene akuitanitsa m'bale kuti adzakhazikike ku America ndi green card. Wobwera kudzacheza, wopambana DV lottery, ndi wa visa ya K-1, ya wobwera kudzamanga ukwati ndi nzika ya America, pamene akupita kwa kazembe, fomu yawo ndi ina, I-134, ngati aifuna n'komwe. Wa K-1 amadzakumana ndi I-864 pambuyo pake, ukwati utachitika, popempha green card ali kale m'dzikomo. Palinso yaifupi, I-864EZ, koma ndi ya munthu amene akuitanitsa m'bale mmodzi yekha, ndipo ndalama zomwe akudalira ndi malipiro kapena penshoni zooneka pa W-2, pepala lomwe abwana amapereka loonetsa malipiro a chaka chonse. Ngati mukuwerengera za Uber zomwe mumapeza madzulo, kapena mukufuna kuphatikiza ndalama za munthu wina, yaifupiyo isiyeni.

Chinanso chimene chimabweza anthu asanafike patali ndi ichi: amene anasaina I-130 ayenera kudzazanso I-864 yakeyake, ngakhale ali pa ulova, ngakhale atapeza kale mnzake wa ndalama zambiri womuthandiza. Fomu ya wothandizayo imabwera moonjezera, silowa m'malo mwa yanu. Ngati simupeza kanthu, lembani ziro ndipo musachite manyazi.

Kuwerenga anthu

Kwathu munthu akafunsidwa kuti amasamala anthu angati, amawerenga onse amene amadya thukuta lake: ana a malemu achimwene, agogo, mlamu amene ali kukoleji. Fomuyi siwerenga choncho. Imafuna inuyo, amene muli naye pabanja, ana anu osakwatira amene sanakwane zaka 21, aliyense amene munamulemba pa msonkho kuti amadalira inu, aliyense amene munamusainira I-864 m'mbuyomu ndipo udindo wanu pa iye sunathe, ndi amene mukuwaitanitsa tsopano. Adzukulu amene mumawalipirira fizi ku Zomba kapena ku Chipata sawerengedwa, ngakhale ndi amene amatha gawo lalikulu la malipiro anu.

Koma mwana wanu wobereka nokha amawerengedwa, kaya ali kuti. Tiyerekeze mayi amene ndi nzika ya America, sali pabanja, ali ndi mwana mmodzi m'nyumba ndi wina wa zaka 15 amene anatsala ndi azakhali ku Malawi, ndipo akuitanitsa amayi ake. Pamenepo anthu ndi anayi, osati atatu. Ngati zaka zapitazo anasainiranso mlongo wake amene adakali pa green card ndipo sanakwanitse zaka zogwira ntchito zomwe lamulo limafuna, akhala asanu.

Kulakwitsa kofala kwambiri n'kuwerenga munthu kawiri. Gawo lowerengera anthu limayamba ndi amene mukuwaitanitsa, kenako limafunsa ngati muli pabanja. Bambo amene akuitanitsa mkazi wake amalemba 1 pamwamba, n'kulembanso 1 pa funso la banja, ndipo anthu awiri amasanduka atatu. Mkaziyo wawerengedwa kale, pa funso lachiwirilo pamafunika ziro. Munthu mmodzi woonjezekayu amakweza mlingo ndi madola pafupifupi 7,000 pachaka, ndipo ambiri amene ankakwanitsa bwinobwino amapezeka akusaka thandizo lomwe sakulifuna.

Mukamaitanitsa makolo onse awiri, aliyense ali ndi I-130 yake, choncho aliyense akufunika I-864 yake. Fomu imodzi ya onse awiri idzabwezedwa. Ndipo powerengera ndalama, onetsetsani kuti zikukwanira onse awiri pamodzi, chifukwa onse akudzakhala m'manja mwanu.

Mlingo wake ndi 125 peresenti ya malire a umphawi omwe boma la America limalengeza. Mu 2025, m'zigawo zonse kupatula Alaska ndi Hawaii, anthu awiri ankafunika $26,437 pachaka, atatu $33,312, anayi $40,187. Msilikali amene ali pa ntchito ya usilikali wa America, akamaitanitsa mkazi, mwamuna kapena mwana wake, amangofunika 100 peresenti. Manambalawa amasintha kumayambiriro kwa chaka chilichonse, ndiye tsegulani I-864P pa tsamba la USCIS, ofesi ya boma yoona za olowa m'dzikomo, tsiku lomwe mukudzaza, osati kudalira chithunzi chomwe wina anatumiza pagulu chaka chatha.

Msonkho, pomwe pamagwera ambiri

Lamulo limafuna umboni wa msonkho wa boma lalikulu wa chaka chaposachedwa. Fomu imafunsa manambala a zaka zitatu, koma mapepala okakamiza ndi a chaka chimodzicho. A zaka zinazo mumaika mukaona kuti akuthandizani.

Njira yosavuta ndi kutenga Tax Return Transcript, chikalata chofupikitsa zomwe munalemba pa msonkho, ku IRS, bungwe la misonkho la America. Ndi yaulere, mumaipeza pa akaunti yanu ya pa irs.gov, ndipo wowerenga fayilo amaikhulupirira msanga chifukwa yachokera ku IRS komweko. Samalani dzina lake, popeza IRS ili ndi ma transcript angapo. Account Transcript ndi Wage and Income Transcript ndi zikalata zina, ndipo mukaika zimenezo m'malo mwake mungabwezedwe. Mukasankha kutumiza fomu ya msonkho ya 1040 yomwe munadzaza, iyenera kupita yonse, ndi masamba ake oonjezera (ma schedule), ma W-2 onse ndi ma 1099 onse, omwe amaonetsa ndalama zina zomwe munalandira. Amene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makampani awiri kapena atatu amaiwala W-2 imodzi ya komwe anagwirako miyezi iwiri yokha, manambala n'kusemphana.

Nambala yoti mukopere pa I-864 ndi ya total income. Pa mafomu a 1040 a zaka zaposachedwa ili pa mzere 9. Ena amatenga ya adjusted gross income, ena ya pa W-2, ena amangoizungulitsa kuti ioneke bwino. Koperani momwe ilili, mpaka dola yomaliza.

Ngati munalipira msonkho limodzi ndi amene muli naye pabanja, nambala ya pa transcript ndi ya nonse awiri. Pamenepo pali njira ziwiri. Mukafuna kudalira zanu zokha, ikani ma W-2 anu kuti gawo lanu lioneke. Mukafuna kuti za mnzanuyo ziwerengedwenso, iye asaine I-864A. Kungolemba nambala ya nonse popanda chimodzi mwa ziwirizi ndi kuitana uthenga wobweza.

Tsopano nkhani yovutirapo, ndipo ndiyankhula mosabisa. Ndalama zomwe simunazilembe pa msonkho, kwa wowerenga fayilo kulibe. Kuluka tsitsi kumapeto kwa sabata, kulera ana a anansi, kuphika pamaukwati, zonse zolandira pamanja, sizikuthandizani ngati IRS siizidziwa. Odzilemba okha ntchito, monga oyendetsa Uber ndi DoorDash, amakumananso ndi china: pa Schedule C amachotsera mafuta, mtunda ndi zokonzetsa galimoto kuti msonkho uchepe, zomwe ndi zololedwa, koma chomwe I-864 imawerenga ndi chotsalacho. Munthu amene analowetsa $50,000 n'kuchotsera $28,000, pa fomuyi ndi munthu wa $22,000.

Samalaninso ndi okudzazirani msonkho amene amalonjeza kuti mubwezeredwa ndalama zambiri. Ena amalemba ana a abale kuti amadalira inu, ngakhale anawo ali ku Malawi, zomwe malamulo a IRS nthawi zambiri salola kwa munthu amene si nzika ya America ndipo sakhala ku America, Canada kapena Mexico. Tsiku lodzaza I-864, ana onsewo amalowa m'chiwerengero cha pakhomo panu. Ena amalemba munthu wa pabanja kuti ndi single chifukwa mkazi wake ali kumudzi ndipo alibe nambala ya Social Security. Taganizani mmene zimaonekera: pa I-130 mukuti munakwatira zaka zitatu zapitazo, pa msonkho mukuti simuli pabanja. Izi zimakonzeka ndi fomu ya 1040-X. Konzani musanafunsidwe, ndipo muike umboni woti mwakonza.

Ngati simunadzaze msonkho chifukwa ndalama zanu zinali zochepa moti lamulo silinkakukakamizani, lembani kalata yaifupi yofotokoza chaka chake ndi chifukwa chake, muisaine. Ngati linkakukakamizani koma simunadzaze, kalata sithandiza. Pitani mukadzaze mochedwa momwemo, ndiye mubwere ku I-864. Tsiku la 15 Epulo likadutsa, chaka chaposachedwa chimakhala chasintha, ndipo transcript yomwe inali yabwino mu Malichi imakhala yakale. Amene anapempha nthawi yoonjezera ndi fomu ya 4868 aike fomuyo pamodzi ndi msonkho wa chaka chapitacho.

Nanga ngati chaka chatha munali pasukulu, koma tsopano muli pa ntchito yabwino? Fomu ili ndi malo a ndalama zomwe mukupeza panopa pachaka, ndipo zimenezo zimawerengedwa. Zichirikizeni ndi kalata ya abwana yonena tsiku lomwe munayamba, ntchito yanu ndi malipiro, komanso mapepala a malipiro a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, kapena onse omwe muli nawo. Ntchitoyo ikakhala ya miyezi iwiri yokha, ine ndingakulangizeni kupezeratu wothandiza, chifukwa wa kwa kazembe ali ndi ufulu wokayikira ngati ikhalitse.

Ndalama zikapanda kukwana

Yambani ndi a m'nyumba mwanu. Mkazi kapena mwamuna wanu, mwana wamkulu, kholo kapena m'bale wa bere limodzi amene mumakhala naye nyumba imodzi angathe kuphatikiza ndalama zake ndi zanu posaina I-864A, ndipo aike mapepala ake a msonkho ndi umboni woti amakhaladi pamenepo. Malipiro a amene mukumuitanitsayo amawerengedwa pokhapokha ngati adzapitirire kuchokera komweko akadzakhazikika ku America. Ntchito ya uphunzitsi ku Blantyre imathera pabwalo la ndege, ndiye musailembe.

Njira yachiwiri ndi amene fomu imamutcha joint sponsor. Sayenera kukhala wachibale. Akhale nzika ya America kapena wa green card, wa zaka 18 kapena kuposa, wokhala ku America. Apa anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Choyamba, iye amadzaza I-864 yathunthu, osati I-864A. Chachiwiri, ndalama zake siziphatikizidwa ndi zanu. Ngati inu mumapeza $20,000, iye $20,000, sizikhala $40,000. Ayenera kukwanitsa yekha mlingo wa anthu a pakhomo pake kuphatikiza m'bale wanuyo. Aikenso tsamba la pasipoti ya America, satifiketi ya unzika, kapena green card mbali zonse ziwiri, chomwe chimaiwalika kawirikawiri. Akamadalira malipiro a mkazi wake, mkaziyo asaine I-864A. Ndipo musagule siginecha kwa munthu wosamudziwa amene amatsatsa pa intaneti. Pa tsiku la mafunso angafunse m'bale wanu kuti munthuyu ndi ndani kwa inu, ndipo yankho lokayikitsa lingaononge fayilo yomwe inali bwino.

Njira yachitatu ndi katundu. Masamu ake ndi awa: mumatenga ndalama zomwe zikuperewera, n'kuzichulukitsa kasanu, kapena katatu ngati ndinu nzika ya America ndipo mukuitanitsa mkazi kapena mwamuna wanu. Pa mlingo wa 2025, pakhomo pa anthu anayi popeza $36,000 pankaperewera $4,187, ndiye pankafunika katundu wa $20,935, kapena $12,561 pa njira ya katatu. Katunduyo akhale woti angasandutsidwe ndalama chaka chisanathe: ndalama za kubanki, masheya, nyumba mutachotsera ngongole yake. Galimoto imawerengedwa pokhapokha muli ndi yoposa imodzi. Ndalama zambiri zomwe zangolowa mu akaunti sabata yatha zimadzutsa mafunso, choncho ikani masitetimenti a miyezi yambiri.

Ambiri amafunsa za nyumba ya ku Area 25 kapena munda wa kumudzi. Katundu wa kunja kwa America saletsedwa, ngakhale wa woitanitsidwayo, koma muyenera kuonetsa kuti ndi wanudi, mtengo wake watsimikizidwa ndi katswiri, ndipo ndalama zake zingatuluke m'dzikomo n'kufika ku America. Malo a makolo omwe umboni wake ndi mawu a amfumu savomerezeka pa zimenezi, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zimasowera m'mabanki a ku Malawi, kutsimikizira kuti makwacha a nyumbayo asanduka madola chaka chisanathe n'kovuta. Ine sindingatsamire fayilo pa katundu wotere ngati pali mnzanu wokhulupirika amene angasaine.

Ngati inuyo muli ku Malawi

Nzika ya America imene ikukhala ku Lilongwe ndi banja lake imabwezedwa pa chifukwa china: siponsa ayenera kukhala wokhazikika ku America. Joint sponsor sathetsa vuto limeneli. Muyenera kuonetsa kuti kunja mukukhalako kwa kanthawi chabe, kapena kuti mudzakhala mutabwerera pofika tsiku lomwe m'bale wanu akulowa m'dzikomo. Umboni wake ndi monga kalata yokulembani ntchito, pangano la lendi, malo a sukulu omwe mwapezera ana, ndi akaunti ya kubanki yomwe ikugwira ntchito. Kumbukiraninso kuti nzika za America zimayenera kudzaza msonkho ngakhale zili kunja, ngati ndalama zawo zafika pa mlingo wake.

Tinthu ting'onoting'ono

Sainani ndi cholembera, pamanja, ndiye muijambule pa makina a sikani. Dzina lotayipa si siginecha, ndipo chidindo cha notary sichifunika. Madeti alembedwe mwa chi America, mwezi patsogolo, chifukwa 03/11 yomwe ife timati 3 Novembala kwa iwo ndi 11 Malichi. Masamba onse apite, ngakhale opanda kanthu, ndipo onse akhale a mtundu umodzi wa fomu, zomwe mumaona pa deti la pansi pa tsamba. Tengani fomu yatsopano pa uscis.gov nthawi iliyonse. Dzina la m'bale wanu lilembedwe momwe lilili mu pasipoti, osati momwe mumamuitanira. Chithunzi cha pafoni chodula ngodya kapena chamdima chimabwezedwa, PDF yokhala ndi pasiwedi nayonso. Mukamaliza kuika zikalata pa CEAC, dinani batani lotumizira, chifukwa kuika kokha sikutumiza. Ndalama ya I-864 ku National Visa Center ndi $120, ndipo ikapita limodzi ndi I-485, fomu yopempha green card uli kale ku America, ku USCIS ilibe mtengo wake payokha.

Kwa kazembe, ndi nthawi yodikira

National Visa Center ikavomereza, sikuti zatha. Chigamulo ndi cha ofisala wa kwa kazembe, ndipo akaona kuti umboni wa ndalama ndi wosakwanira amapereka pepala la gawo 221(g) lonena chomwe chikusowa. Pepalalo liwerengeni mzere ndi mzere, mutumize chomwe lapempha, mwa njira yomwe lanena. Muli ndi chaka chimodzi, ndipo chikadutsa muli chete fayilo ingathe kutsekedwa. Ku National Visa Center nakonso musalole chaka kutha osalumikizana nawo.

Mu Disembala 2025 boma la America linaika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko omwe nzika zake zinaimitsidwa kulandira mitundu ina ya visa, kuphatikizapo yokakhazikika. Malamulo otere amasintha, ndiye onani zomwe zilipo lero pa travel.state.gov ndi pa tsamba la ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Pa nkhani ya I-864, kudikira kwautali kumakalambitsa mapepala. Chaka chilichonse mukadzaza msonkho tengani transcript yatsopano, sungani mapepala a malipiro, ndipo mufunse joint sponsor wanu ngati adakali pa ntchito yomweyo ndiponso ngati pakhomo pake sipanaonjezeke mwana.

Chomwe wosainayo ayenera kumva asanasaine

Tikamapempha mnzathu wa kutchalitchi kuti atisainire, timakonda kunena kuti ndi mwambo chabe wa kuofesi. Si zoona, ndipo kumuuza choncho ndi kumulakwira. Kuchokera pa lamulo la 1996, I-864 ndi pangano lomwe khoti lingakakamize. Wosaina akulonjeza kuti woitanitsidwayo sadzatsika pansi pa 125 peresenti ya malire a umphawi. Akatsika, angathe kusumira siponsa. Akalandira thandizo la boma la anthu osauka, monga SNAP, SSI, TANF kapena Medicaid yosakhala ya mwadzidzidzi, bungwe lomwe lapereka lingathe kuitanitsa ndalamazo kwa wosainayo.

Udindowu umatha woitanitsidwayo akakhala nzika ya America, akakwanitsa zigawo 40 za ntchito pa Social Security, zomwe kawirikawiri ndi zaka khumi, akataya green card n'kuchoka m'dzikomo, kapena akamwalira. Kutha kwa ukwati sikuthetsa panganoli. Bambo angasudzulane ndi mkazi amene anamuitanitsa, katundu n'kugawana, koma I-864 imakhalabe, ndipo ya mnzake amene anamusainira imakhalabenso. Mupatseni mnzanuyo tsamba la panganolo aliwerenge yekha, akambirane ndi akunyumba kwake, ndipo akakana musamusungire chakukhosi.

Akavomera, mumuuzenso za I-865. M'bale wanu akangolandira green card, siponsa aliyense, inuyo ndi iye yemwe, akasamuka nyumba ayenera kudziwitsa USCIS ndi fomu imeneyi pasanathe masiku 30, ndipo chindapusa cha kulephera kutero chimayambira pa $250 mpaka $2,000.